Kuyeza mafunde, mawu ndi kuwala ndi zipangizo za pakhomo: malangizo kwa ophunzira ndi aphunzitsi a Physics ku Mzuzu

Mutu wa mafunde umavuta ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 chifukwa amangouona pa bolodi: mzere wokhotakhota, zilembo zitatu, basi. Chikhalirecho liwiro la mawu mumpweya mungaliyeze nokha ndi ndowa, paipi ndi foni, n'kupeza yankho loyandikana kwambiri ndi la m'buku. Zipangizo zotchulidwa pano ndi zopezeka pakhomo, mu msika waukulu wa Mzuzu, ku Taifa, kapena m'mashopu a hardware a m'tauni.

Lamulo lomwe mukhale mukulibwereza ndi ili: v = f × λ. Chilembo f ndi frequency, chiwerengero cha mafunde odutsa pamalo amodzi pa sekondi imodzi, ndipo timaiyeza mu Hz. Chilembo λ ndi wavelength, mtunda wochoka pansonga ya funde limodzi kufika pansonga ya lotsatira. Chilembo v ndi liwiro. Ophunzira amaloweza lamuloli msanga, koma chimene chimawasokoneza pa mayeso a MSCE ndi kusadziwa kuti pa zitatuzi ndi chiti chimasintha. Frequency imachokera ku chinthu chimene chikugwedezeka: dzanja, sipika, ng'oma. Liwiro limadalira chimene funde likudutsamo: chingwe, madzi, mpweya, galasi. Wavelength ilibe ufulu, imangotsatira ziwirizo. Wayilesi ya FM youlutsa pa 100 MHz imatumiza mafunde 100,000,000 pa sekondi, ndipo amathamanga mamita 300,000,000 pa sekondi, choncho funde lililonse ndi lotalika mamita 3.

Chingwe

Pezani chingwe cha mamita 6 cholemerera ndithu. Kachingwe kopepuka ka nayiloni koyanikira zovala sikathandiza, mphepo imakaseweretsa. Mangani mbali imodzi pamtengo, pamsinkhu wa m'chiuno. Pamtunda wa mamita 1.5 kuchoka pamtengopo mangani kansalu kofiira. Gwirani mbali inayo, kokani pang'ono, ndipo jambulani mzere pansi pomwe mwaima.

Gwedezani dzanja kamodzi, mmwamba ndi pansi. Funde lipita kumtengo n'kubwerera, koma kansalu kaja kangokwera ndi kutsika pamalo pake pomwepo. Chimene chayenda ndi mphamvu, chingwe sichinapite kulikonse.

Tsopano gwedezani mosalekeza mpaka chingwe chigawike zigawo ziwiri zofufuma, pakati pali malo amodzi osagwedezeka. Chigawo chilichonse ndi theka la wavelength, choncho apa λ ndi mamita 6. Mnzanu ayeze nthawi ya kugwedeza ka 20. Ikakwana masekondi 10, f ndi 2 Hz ndipo v ndi mamita 12 pa sekondi. Fulumizani dzanja mpaka zigawo zikhale zitatu: λ yatsika kufika mamita 4, f yakwera kufika 3 Hz, koma v ikadali 12. Ngati v yasintha kwambiri, yang'anani mapazi a wogwedezayo. Munthu akamafulumiza dzanja amabwerera m'mbuyo osadziwa, chingwe chimakungika, ndipo funde limathamanga kwambiri pachingwe chokungika. Mzere wa pansi uja ndiye ntchito yake.

Madzi m'thireyi

Pamafunika thireyi ya makona anayi yosalala pansi, yotalika masentimita 40 mpaka 60, rula ndi stopwatch ya pa foni. Beseni lozungulira silikwanira chifukwa mafunde amabwerera kuchokera mbali zonse n'kusokonezana.

1. Ikani thireyi patebulo losapendekeka. Thirani madzi akuya sentimita 1, ndipo yezani kuyako mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, ikani kapepala kopinda pansi pa mbali yotsikayo.
2. Nyamulani mbali imodzi ya thireyi sentimita imodzi yokha, dikirani madzi akhazikike, kenako itsitseni.
3. Funde likafika kumapeto koyamba yambitsani stopwatch, ndipo imitsani likadutsa thireyi kanayi.
4. Gawani mtunda wonse ndi nthawi. Bwerezani katatu.
5. Chitaninso chimodzimodzi ndi madzi akuya masentimita 2, kenako 4.

Pa sentimita 1 muyembekezere liwiro la pafupifupi mamita 0.31 pa sekondi, pa 2 ndi 0.44, pa 4 ndi 0.63. Kuya kukawirikiza kanayi liwiro limawirikiza kawiri, chifukwa m'madzi osaya v = √(g × kuya), pomwe g ndi nambala yoimira kukoka kwa dziko, komwe kumagwetsa zinthu pansi. Wotsitsa thireyi mwamphamvu amapanga mafunde angapo nthawi imodzi, ndipo woyeza nthawi sadziwanso kuti akutsatira liti. Rula yambiri ili ndi kampata ka mamilimita angapo chisanafike chizindikiro cha 0, ndiye mukaimiza osawonjezera kampatako, madzi a sentimita 1 amakhala a 1.4.

Izi n'zomwe mumaona ku Nkhata Bay nthawi ya mwera. Funde lobwera chopendekeka kuchokera pakati pa nyanja, mbali yake yomwe yayamba kufika posaya imachepa liwiro pamene inayo ikuthamangabe, choncho funde limakhota n'kufika kugombe litayang'anizana nalo. Kukhota komweku tikumana nakonso pa kuwala.

Liwiro la mawu: njira ya khoma

Mawu ndi funde la mtundu wina. Mpweya sukwera ndi kutsika ngati chingwe chija, umapanikizika ndi kutakasuka motsata komwe funde likulowera. Zili ngati mzere wa anthu kuchigayo: wa kumbuyo akakankha, kukankhako kumafika kutsogolo, koma aliyense amatsala pomwe anali. Pachifukwachi mawu sangadutse popanda mpweya, madzi kapena chinthu cholimba, pamene kuwala kumadutsa. Mumpweya mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 1,480, m'chitsulo kuposa 5,000. Khutu la mwana limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz, ndipo malire a pamwambawo amatsika munthu akamakula.

Njira yomwe ambiri amayamba nayo ndi kuimitsa ophunzira awiri kumapeto awiri a bwalo la mpira, wina kuomba matabwa, wina kuyeza nthawi kuchoka poona kufika pomva. Ife sitiilimbikitsa. Pa mamita 100 mawu amatenga masekondi 0.29 okha, pamene chala cha munthu chimachedwa pafupifupi masekondi 0.2 kuti chidine stopwatch. Chimene mwayeza ndi chala, si mawu. Njira yabwino ndi yotalikitsa nthawi yoyezedwayo.

Funani khoma lalitali, lalikulu ndi losalala, monga la holo ya sukulu kapena la tchalitchi, lokhala ndi bwalo kutsogolo kwake. Pasakhale nyumba ina pambali yobweza mawu ake. Sankhani nthawi yopanda mphepo komanso kutali ndi msewu wa M1, poti phokoso la magalimoto limaphimba mawu obwerera.

1. Yezani mamita 85 kuchoka pakhoma, molunjika osati chopendekeka. Gwiritsani tepi, kapena chingwe chomwe mwayeza kale mamita 10. Osayeza ndi mapazi.
2. Tengani timatabwa tiwiri touma. Tikagundana timatulutsa mawu afupi akuthwa kuposa kuomba m'manja.
3. Ombani kamodzi, mvetserani mawu obwerera. Chitani kangapo mpaka khutu lizolowere.
4. Yambani kuomba mosalekeza, mukusintha changu mpaka kuomba kulikonse kugwere pamodzi ndi mawu obwerera a kuomba kwapitako. Zikagwirizana, obwererawo samvekanso paokha.
5. Woyeza nthawi adikire mpaka kuombako kukhazikike. Ayambitse stopwatch akunena kuti "ziro", kenako awerenge mpaka 20.

Mawu amapita ndi kubwera mamita 170 pakati pa kuomba kuwiri. Ka 20 ndi mamita 3,400, ndipo nthawi ikhala pafupi ndi masekondi 10, kutipatsa mamita 340 pa sekondi. Tasankha mamita 85 chifukwa kuomba kawiri pa sekondi munthu amakwanitsa osatopa. Pa mamita 50 muyenera kuomba kuposa katatu pa sekondi, ndipo manja amasokonekera. Kufupi kuposa mamita 17 khutu silingasiyanitse n'komwe mawu oyamba ndi obwerera, chifukwa amafika motalikirana nthawi yosakwana masekondi 0.1.

Zolakwika ziwiri zimabwera kawirikawiri. Wowerenga akayamba ndi "wani" m'malo mwa "ziro" amayeza mipata 19 n'kuiyesa 20, ndipo liwiro limatuluka pafupifupi 358. Mukapeza yankho la pafupi ndi 170, ndiye kuti mwaiwala kuti mawu anayenda ulendo wopita ndi wobwera, kapena woombayo anaika mawu obwerera pakati pa kuomba kuwiri m'malo mowagwirizanitsa.

Lembani kutentha kwa tsikulo. Liwiro la mawu mumpweya ndi 331 kuwonjezera 0.6 pa digiri iliyonse ya Celsius. M'mawa wa Julaye kuno, kutazizira kufika 10°C, liwiro ndi 337. Masana a Okutobala pa 28°C ndi 348. Kalasi yoyeza m'mawa ndi yoyeza masana zitha kusiyana ndi mamita 10 pa sekondi zonse zili zolondola. Ena amaganiza kuti popeza Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya wopepukawo umachedwetsa mawu. Sichoncho. Kukwera kumachepetsa kupanikizika kwa mpweya ndi kulemera kwake mofanana, ziwirizo n'kufafanizana. Mawu amachedwerapo kuno poyerekeza ndi ku Karonga chifukwa cha kuzizira basi.

Nyengo ya mvula muli ndi choyesera chaulere. Mukaona chiphaliwali werengani masekondi mpaka bingu limveke, n'kugawa ndi 3. Yankho ndi makilomita kuchoka pomwe muli. Werengerani muli m'nyumba.

Liwiro la mawu: njira ya paipi ndi ndowa

Iyi ndi yolondola kuposa ya khoma, ndipo imachitika ngakhale kukugwa mvula. Pezani paipi ya PVC ya mamilimita 40 m'mimba mwake, yodulidwa masentimita 40, ndowa ya malita 20 yodzaza madzi, cholembera chosafufutika ndi madzi, ndi foni yokhala ndi pulogalamu yotulutsa liwu la frequency yomwe mwasankha. Mapulogalamu otere ndi aulere, fufuzani mawu akuti tone generator.

Paipi idulidwe mowongoka, ndipo mupale zotsalira za sowo pakamwa pake. Lembani zizindikiro pa theka lililonse la sentimita kuyambira pakamwa kutsika pansi. Mukaimiza m'madzi, madziwo amatseka pansi pake, ndipo chizindikiro chomwe chili pamadzi chikuuzani kutalika kwa mpweya wotsala m'paipi.

1. Ikani foni pa 1,000 Hz, mtundu wa funde ukhale sine, voliyumu pakatikati.
2. Mizani paipi mpaka kunja kutsale masentimita 4.
3. Wina agwire foni, sipika yake ili sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa kamwa la paipi, osalitseka. Foni ikhale ndi kachingwe kokoleka padzanja, pansipo pali madzi.
4. Kwezani paipi pang'onopang'ono pamodzi ndi foni. Pamalo ena liwu lidzakula mwadzidzidzi. Pitirirani pang'ono, bwererani, mpaka mupeze pomwe likumveka kwambiri. Lembani kutalikako, L1.
5. Pitirizani kukweza. Liwu lidzachepa, kenako lidzakulanso. Lembani L2.

Chimene chikuchitika ndi chofanana ndi cha pachingwe chija. Funde lotsika ndi lobwerera kuchokera pamadzi amalimbikitsana pokhapokha mpweya wa m'paipi uli wotalika gawo limodzi mwa magawo anayi a wavelength, kenako magawo atatu mwa anayi. Kusiyana kwa L2 ndi L1 ndi theka la wavelength. Pa 15°C muyembekezere L1 pafupi ndi masentimita 7.3 ndi L2 pafupi ndi 24.3. Kusiyana ndi 17, λ ndi masentimita 34, ndipo v = 1,000 × 0.34 = 340.

Wina adzafuna kufupikitsa ntchito pochulukitsa L1 ndi 4. Adzapeza λ ya masentimita 29 ndi liwiro la 292, lomwe ndi lolakwika kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wogwedezeka sulekera pakamwa penipeni pa paipi, umapitirira kunja mtunda wa pafupifupi 0.3 kuchulukitsa ndi kukula kwa m'mimba mwa paipi, apa masentimita 1.2. Kamtunda kameneka kali mu L1 ndi mu L2 momwe, choncho mukachotsera kamachoka kokha. N'chifukwa chake timayeza pawiri.

Samalani powerenga. Kulakwitsa sentimita imodzi pa kusiyanako kumasuntha yankho ndi mamita 20 pa sekondi. Ophunzira atatu aliyense apeze L1 ndi L2 payekha, osauzana, kenako mutenge avereji. Voliyumu ikakhala pamapeto, sipika ya foni imatulutsanso ma frequency ena apamwamba, ndipo mumamva liwu likukula pamalo osayenera. M'kalasi yopanda kanthu, ya simenti ndi malata, makoma amabweza liwu moti kungosuntha mutu kumasintha kamvekedwe, choncho womvetsera akhale pamalo amodzi, kapena tulukani pakhonde. Magulu awiri asagwire ntchitoyi m'chipinda chimodzi.

Mukamaliza sinthani foni kufika 1,500 Hz. Kusiyana kwa L2 ndi L1 kutsika kufika masentimita 11.3, koma liwiro likhalabe 340, poti mpweya ndi womwewo.

Kuwala

Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo kochokera kudzuwa kumatifika patatha mphindi 8 ndi masekondi 20. Liwiro limeneli simungaliyeze ndi stopwatch. Chimene mungayeze ndi kuchuluka kwa momwe madzi amalichepetsera.

Za kalilole tidutsa msanga, poti n'zosavuta. Imikani kalilole wosalala papepala, jambulani mzere wa normal woimirira madigiri 90 pa iye, walitsani laser pa madigiri 40 kuchoka pa normal, ndipo kuwala kubwerera pa 40 mbali inayo. Kumbukirani ziwiri: ngodya zonse zimayezedwa kuchoka pa normal osati pa kalilole, ndipo chobweza kuwala ndi kuseri kwa galasi, choncho mzere wa papepala ugwirizane ndi kuseriko.

Kwa refraction, komwe ndi kukhota kwa kuwala kukamachoka mumpweya kulowa m'madzi, pezani kontena ya pulasitiki yoonekera, ya makona anayi, yosachepera masentimita 15 m'lifupi, ka laser kofiira, pepala lalikulu, protractor, ndi mkaka pang'ono. Laser musaloze m'maso mwa munthu, ndipo onetsetsani komwe kuwala kobwerera kukulowera ophunzira asanawerame.

1. Ikani kontena papepala n'kujambula m'mbali mwake. Pakati pa mbali yaitali lembani kadontho, ndipo jambulani normal kudutsa pamenepo.
2. Kunja kwa kontena jambulani mizere itatu yofika pakadonthopo, ya madigiri 30, 45 ndi 60 kuchoka pa normal.
3. Bwezerani kontena pamalo pake, thirani madzi, dontheza mkaka madontho awiri kapena atatu, takasani. Mkaka umachititsa kuti njira ya kuwala ioneke m'madzimo. Mukachulutsa, madzi onse amangofiira ndipo njira imasowa.
4. Tsekani makatani. Goneka laser pabuku kuti ikhale pansi pa msinkhu wa madzi, iwale motsata mzere wa 30. Kuti mutsimikize, imikani pensulo pamalo awiri a mzerewo, kadontho kofiira kagwere pa iyo konse kuwiri.
5. Lembani papepala pansi penipeni pa pomwe kuwala kwatulukira mbali inayo. Chitaninso pa 45 ndi 60.
6. Chotsani kontena, lumikizani polowera ndi potulukira, yezani ngodya kuchoka pa normal.

Muyenera kupeza madigiri pafupifupi 22, 32 ndi 41. Gawani sine ya ngodya ya mumpweya ndi sine ya ngodya ya m'madzi: 0.500 ÷ 0.375, 0.707 ÷ 0.530, 0.866 ÷ 0.656. Zonse zikupereka 1.33 kapena pafupi. Lamulo lakuti yankho la kugawaku silisintha limadziwika ndi dzina la Willebrord Snell, yemwe analipeza mu 1621. Nambala 1.33 ikutanthauza kuti m'madzi kuwala kumayenda 300,000 ÷ 1.33, pafupifupi makilomita 225,000 pa sekondi. Wavelength ya laser yofiira, yomwe ndi pafupifupi 650 nm mumpweya (nm ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita), imafupika kufika pafupifupi 490 nm m'madzi, koma frequency sisintha, ndipo kuwalako kumaonekabe kofiira.

Osagwiritsa ngodya zing'onozing'ono. Pa madigiri 10 ngodya ya m'madzi ndi 7.5, ndipo kuphonya digiri imodzi kumasokoneza yankho ndi zoposa 10 pa 100 zilizonse. Kontena yopyapyala imafufuma ikadzaza madzi, normal yanu n'kukhala yabodza, choncho sankhani yolimba. Yankho likatuluka losamveka ngati lochepera 1, onani calculator, mwina ili pa RAD m'malo mwa DEG, kapena mwatembenuza kagawidwe.

Kuwala kochoka m'madzi kupita mumpweya kuli ndi malire. Ngodya ikapitirira madigiri 49, sikutulukanso, kumabwerera konse m'madzi. Pa galasi malirewo ndi pafupifupi 42. Boolani botolo la malita 2 ndi msomali wotentha, bowo la mamilimita 5, masentimita 5 kuchoka pansi. Tsekani bowo ndi chala, dzazani madzi, chotsani chitsekerero cha pamwamba, ndipo walitsani laser kuchokera kuseri kwa botolo kulunjika pabowo. Mukachotsa chala mumdima, kuwala kumatsatira madzi okhotawo mpaka pomwe ayamba kugawika timadontho. Bowo la m'mbali mokhakhala limamwaza madzi, ndiye lisalazeni. Nthambo za fibre zonyamula intaneti zimagwira ntchito motere, ndi ulusi wagalasi m'malo mwa madzi.

Sukulu yopanda lens igule magalasi owerengera a pamsika. Nambala yolembedwapo ikuuzani focal length, mtunda wochoka pa lens kufika pomwe chithunzi cha chinthu chakutali chimaoneka bwino: gawani 1 ndi nambalayo, yankho likhala m'mamita, choncho +2.00 ndi masentimita 50 ndipo +2.50 ndi 40. Phimbani diso limodzi la magalasiwo ndi pepala, imani m'chipinda chamdima moyang'anana ndi windo, ndipo suntha lens kutsogolo kwa katoni yoyera mpaka chithunzi chozondoka cha kunja chioneke bwino. Yezani kuchoka pa lens kufika pakatoni. Lunjikani pa mtengo kapena phiri lakutali, osati pa mafelemu a windo. Windo lili pa mamita 3 limaika chithunzi chake pa masentimita 60 ndi lens ya +2.00, ndipo wophunzira amalemba 60 m'malo mwa 50. Chinthu cha pamtunda wa mamita 30 kapena kuposa chimachepetsa kusiyanako kufika posakwana sentimita imodzi. Dzuwa musaligwiritse ntchito pa izi, ndipo wina asayerekeze kuliyang'ana kudzera mu lens.